Pulezidenti akalamula, ndani angamukanire?

Mawu akuti "msiyeni, anthu anamusankha" andikwana. Inde anamusankha, koma anamusankhira ntchito yolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Mphamvu ali nazo zambiri ndithu: amasankha nduna n'kuzichotsa mmene wafunira, ndiye mkulu wa asilikali, amasayina mabilu, amakhululukira akaidi. Koma ndalama za boma sangatape aphungu asanavomereze bajeti, chigamulo cha khoti sangachifufute, ndipo nthawi yake ikakwana ayenera kulongedza.

Vuto n'lakuti malire onsewa ali papepala, ndipo pepala silimanga munthu manja. Amayamba kugwira ntchito tsiku lomwe woweruza, phungu kapena msilikali wanena kuti ayi bwana, apa pokha sizitheka.

Taonani za ku South Korea. Usiku wa pa 3 Disembala 2024, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, Yoon Suk Yeol, analengeza pa wailesi yakanema kuti dziko lili m'manja mwa asilikali ndipo ndale zaletsedwa. Apolisi anatseka zipata za nyumba ya malamulo, asilikali anatera pa ndege za helikoputa, ena n'kuswa mawindo kuti alowe. Aphungu sanadikire kuti kuche. Anakwera mpanda, sipikala yemwe, bambo wa zaka zoposa 60, analumphira mkati, pomwe antchito a m'nyumbamo ankatchinga zitseko ndi mipando. Aphungu 190 anavota, onse kukana, ndipo kusanache lamulolo linachotsedwa. Pa 4 Epulo 2025 khoti linamuchotsa Yoon pampando. Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti mwa 190 aja, 18 anali a chipani chake chomwe.

Ku South Africa nkhani inali ndalama. Pa nyumba ya Jacob Zuma, pulezidenti wa nthawiyo, kumudzi kwawo ku Nkandla boma linamanga khola la ng'ombe, la nkhuku ndi dziwe losambiramo, ati zonsezo n'zachitetezo. Dziwelo nduna zinalimbikira kuti ndi lozimitsira moto, osachita nazo manyazi n'komwe! Thuli Madonsela, yemwe panthawiyo anali mkulu wa ofesi yofufuza madandaulo okhudza boma, analamula kuti Zuma abweze gawo la ndalamazo, iye n'kumazengereza, aphungu a chipani chake akumuikira kumbuyo. Pa 31 Malichi 2016 khoti linagamula kuti pulezidenti ndi nyumba ya malamulo yomwe anaphwanya malamulo a dziko. Zuma anabweza marandi 7.8 miliyoni.

Ngakhale ku Malawi, mu Julayi 2002 bilu yofuna kutsegulira Bakili Muluzi njira yoimanso inagwa chifukwa inaperewera mavoti atatu okha.

Tsono apa ndi pomwe ndimakangana ndi anzanga. Ambirife timakonda makhoti pamene wolamula si wathu. Wathu akangolowa, woweruza yemwe dzulo tinkamuimbira m'manja lero wasanduka "wolowerera ndale", ndipo phungu wofunsa za bajeti ndi "wansanje". Ena amati malire amachedwetsa chitukuko. N'zoona, amachedwetsa, ndipo nthawi zina khoti limaimitsa chinthu chabwinobwino. Ine kuchedwa kumeneko ndikulandira, chifukwa mphamvu yomwe mukufuna kumumasulira wanuyo sadzapita nayo kwawo. Idzatsala muofesimo, ndipo wodzaigwiritsa ntchito mwina ndi uja simufuna n'komwe kumva dzina lake.

Inu amene muli ndi khadi la chipani cholamula, kulikonse komwe muli, mukanakhala mmodzi wa 18 aja mukanakwera mpanda?