Bambo akathawira kutsidya kwa malire, mwana amudyetsa ndani?

Kwa ife a ku Angónia, Tsangano ndi Chifunde kuno ku Mozambique, kudutsa malire ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mnyamata wa ku Dedza amabwera kudzapikula mbatata ya kachewere ku Ulónguè, n'kupereka mimba kwa mwana wa eni ake, kenako n'kutulukira pa chipata cha malire cha Calómuè osadzaonekanso. Anyamata athu nawonso amachita zomwezo ku Ntcheu ndi ku Katete. N'chifukwa chake ndimaona kuti tiyenera kudziwa zimene malamulo a maiko atatuwa, Mozambique, Malawi ndi Zambia, amanena pa mwana amene makolo ake sanakwatirane.

Pa mfundo yaikulu, onse amagwirizana. Malamulo aakulu a Mozambique, m'ndime 121, amaletsa kusala mwana chifukwa cha mmene anabadwira, ndipo a Malawi, m'ndime 23, amanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Zambia nayo inaika nkhani za chithandizo ndi kasungidwe ka ana m'lamulo limodzi la ana la 2022. Pogamula za amene akhale ndi mwana, makhoti onse amayang'ana ubwino wa mwanayo, osati zofuna za makolo.

Kusiyana kumayambira pa kulowana. Kuno, lamulo la mabanja la 2019 limazindikira mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi zaka zoposa 3, chimene timachitcha união de facto, pomwe lamulo lakale la 2004 linkangofuna chaka chimodzi. Ku Malawi, lamulo la maukwati la 2015 limafuna zaka 5. Komatu zaka zimenezi zimakhudza akuluakulu awiriwo. Mwana sadikira zaka 3 kapena 5 kuti adye, avale, apite ku sukulu ndi ku chipatala, ndipo abambo amene amazemba ponena kuti ankhoswe sanakumane akunamiza anthu.

Chimene ndimasirira ku Malawi n'chakuti lamulo la 2015 lija limakakamiza mwamuna kusamalira mkazi amene wamupatsa mimba mwana asanabadwe, ngakhale asanamukwatire, ndiponso kulipira zofunika pa nthawi yochira. Kuno nafe tili ndi zathu zabwino: khoti limaika pensão de alimentos, ndalama yothandizira kulera mwana, poyeza zimene bambo amapeza ndi zimene mwana akusowa, woimira boma pa milandu akhoza kuimirira mwanayo, ndipo IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, imathandiza mwaulere amene alibe ndalama ya loya. Chimativuta ndi chilankhulo. Mayi wa ku Dedza amadandaula m'Chichewa ku polisi ndi kukhoti, pamene mnzake wa ku Furancungo amakumana ndi mapepala a Chipwitikizi amene sangathe kuwawerenga yekha.

Mwambo nawo uli ndi mbali yake. Kwa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Zimenezi zimateteza mwana kuti asalandidwe kwa mayi ake, koma abambo ambiri azisandutsa pobisalira. Nkhani ikapita kwa a mfumu, kawirikawiri imathera pa chindapusa cha kuwononga mtsikana, cholipidwa kamodzi kwa makolo ake, pomwe mwanayo adzafuna chakudya mpaka atakula.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti khoti la ku Ulónguè silingatume apolisi athu kukatenga munthu ku Dedza, ngakhale pali mtunda woyenda pa njinga. Kawirikawiri mayi amakakamizika kukadandaula kumene bamboyo ali, ndipo kumeneko funso loyamba limakhala lakuti pali umboni wanji woti mwanayo ndi wake. Choncho, abale a mtsikana akamakambirana ndi akuchimuna, asathamangire mbuzi ndi ndalama. Ayambe apita ndi mnyamatayo ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa ana obadwa, akadali kuno, dzina lake lilembedwe pa chikalata cha kubadwa kwa mwana, ndipo adziwe mudzi wake ndi mfumu yake kutsidyako.