Vereador akapita ku Maputo amaopa ndani?

Nkhani yanu ya vereador (khansala wa munisipiyo) amene wakwera kukhala phungu ndaiwerenga, koma achimwene mwasiya mfundo imodzi. Kuno ku Mozambique timavotera chipani, ndipo chipanicho ndicho chimandandalika mayina a chigawo chonse cha Tete. Ndiye mwa aphungu 250 a ku Nyumba ya Malamulo (Assembleia da República), wa ku Ulongué weniweni, tauni ya m'boma la Angónia, ndi uti? Ali ku munisipiyo tinkamupeza pamsika n'kumuuza za matope ndi mtengo wa mbatatesi pamaso. Tsopano aziopa ife kapena olemba mndandanda aja? Sindikumunyoza ayi, bamboyo ntchito ankaigwira ndithu. Kungoti Maputo n'kutali. Abwereko ku Angónia nthawi ya dzinja misewu itaterera, asadikire kampeni ya 2029.