Nsomba ya pabolodi, chonsecho nyanja ili apa

Aphunzitsi mundikhululukire, sindikulimbana nanu ayi koma izi zandikhala pamtima.

Dzulo mwana wanga wa Sitandade 6 amaloweza manotsi a sayansi, ziwalo za nsomba. M'kope wajambulamo chinthu ngati chinangwa chokhala ndi diso, mayina achizungu akutchula osaphonya olo limodzi. Ndiye mayi ake anali pakhonde akupala chambo, ine nkutenga chimodzi ndati tandilozere ma gills ukunenawo ali pati. Mwana kakasi. Wobadwira konkuno ku Nkhotakota, nyanja amaiona daily popita kusukulu! Nditakanula pambali pa mutu nkuona zofiira zija akuti "aaa adadi, kodi ndi zomwe timataya zija?"

Apa mpomwe ndaona kuti anawa tikuwaphunzitsa kukhoza mayeso basi. Msodzi aliyense pagombe pano amadziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira mkamwa mpaka tiana titaswa, nchifukwa chake kukokera khoka m'malo oswerana nkupha nsomba za chaka chamawa, koma ndi sukulu ingati inaitanako msodzi kuti afotokozere ana zimenezi? Nkhungu zikamatuluka panyanja ngati utsi ana amathamanga ndi malichero, afunseni zimachokera kuti, zii, pomwe ndi tizilombo toyamba ngati mphutsi m'madzi momwemo. Mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira kumtunda. Njovu pafupifupi 500 zinabwera pamagalimoto kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017 kudzalowa m'nkhalango yathuyi, azungu amakwera ndege kudzaziona koma mwana wa pa boma pompano njovu amaidziwira pachithunzi cha m'buku.

Ndikudziwa muti ndalama ya basi yotengera ana kukaona zimenezi ichokera kuti, kalasi imodzi ana mpaka ena kukhala panja pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi. Nzoona, komanso ku Bua kuli ng'ona, sungangotenga chigulu cha ana nkupita nacho. Koma ifenso tinaisokoneza nkhani ya trip, timaona ngati mpaka minibasi, Sobo ndi mabanzi, kujambulitsa nkubwerako. Kuseri kwa sukulu kuli dambo, kuli chulu, kuli munda wa mpunga, zonsezi ndi ulendo wa wapansi wosafuna olo 100 kwacha. Makolofe bwanji osasinthana kuperekeza, m'malo mongobwera ku miting ya PTA kudzakangana za ndalama ya mlonda?

Ine ndayamba ndekha. Tatunga madzi a pachithaphwi m'botolo la pulasitiki, muli timphutsi tija timagwedezeka, tatseka ndi kansalu ka neti yakale nkuika pawindo. Mwana wanga uja ndamuuza kuti tituluka udzudzu akukana, akuti udzudzu umachokera ku mango. Tabetcherana Fanta, mayi ake akuti likangotseguka botololo tonse tigona panja.