Adzakwera ndani sitimayi? Mmene timawerengera ife ndi anansi athu

Nkhani ya sitima yonyamula anthu ikabuka kuno ku Malawi, yankho silichedwa: okwera ndi ochepa. Koma ochepawo anawerengedwa bwanji? Njira yofala yolosera apaulendo ndi kutenga matikiti a zaka zapitazi n'kuwonjezerapo molingana ndi mmene anthu akuchulukira komanso mmene chuma chikukulira. Imathandiza kumene sitima zimayenda tsiku ndi tsiku. Kwathu kuno sitima ya ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi siyenda tsiku lililonse, ndiye matikiti ake amangotiuza mipando yomwe inalipo, osati anthu omwe ankafuna ulendo.

A ku Tanzania akanangodalira matikiti a njanji yakale ija yomwe anamanga Ajeremani, sakanalimba mtima. Mu 2024 anayamba kuyendetsa sitima yamagetsi kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro, kenako ku Dodoma. Ulendo womwe pa basi umadya maola 8 kapena kuposa unatsika kufika pa maola osakwana 4, ndipo anthu anakhamukirako. Anthuwo analipo kale, kungoti anali pamsewu. Apa m'pamene pali njira yachiwiri: kuwerenga okwera mabasi m'madepoti, n'kuwafunsa kuti angalipire zingati ulendo utafupika, ndiponso angasiye basi mtengo utafika pati.

Komabe tisatengeke. Akatswiri amawerengeranso kukula kwa mizinda ndi mtunda wa pakati pake: mizinda ikakhala ikuluikulu, maulendo amachuluka. Dar es Salaam ili ndi anthu oposa 5 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Lilongwe ndi Blantyre uliwonse sunafike miliyoni imodzi. Chinanso, njanji yathu ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre imazungulira ku Salima pamene msewu wa M1 umadula ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pa ulendo umenewu basi ili patsogolo.

Ine mtima wanga uli pa za ku Mozambique, chifukwa n'zomwe zikufanana ndi zathu. Sitima ya pakati pa Nampula ndi Cuamba siidalira mizinda iwiriyo yokha ayi. Moyo wake uli pa masiteshoni a pakati, pomwe amayi amagulitsira anyezi, tomato ndi chinangwa pazenera, pomwe wina amakwera ndi matumba n'kukatsika patsogolo pang'ono. Njanji ya TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, nayonso, pa makilomita 1,860 ake a pakati pa Dar es Salaam ndi Kapiri Mposhi, imadutsa m'midzi yomwe msewu wabwino uli kutali. Masamu a mizinda ikuluikulu sawaona anthu amenewa. Sawaonanso a ku Machinga onyamula mpunga ndi nsomba za ku Chilwa, omwe nthawi ya dzinja sitima ndiyo msewu wawo.

Ku Zambia njanji inafika ku Chipata kuchokera ku Mchinji mu 2010, koma maso anali pa katundu. Anthu mpaka lero amawoloka pa Mwami ndi mataxi ndi maminibasi.

Ndiye boma lathu lisanagamule kuti okwera kulibe, litumize owerenga pa Wenela, pa depoti ya Lilongwe, pa Liwonde ndi pa Mwami. Awerenge nthawi yokolola ndi nthawi ya mvula, masiku a msika ndi masiku otsegulira sukulu, ndipo okwera matola asawasiye.