Mwana wa ku Lizulu akafunsidwa kuti ndiwe ndani

Sabata yathayi mwana wa mchemwali wanga anabwera kwathu foni ili m'manja. "Amalume, tandiwerengerani izi ndisanatumize." MSCE anakhoza bwino, ndiye akufunsira malo ndi thandizo la fizi ku yunivesite ina ya kunja. Kumeneko mapointi okha sakwanira, amafunanso ulembe za iwe mwini. Ku America, pa Common App, fomu yofunsira malo ku mayunivesite ambiri, amakupatsa mawu osapitirira 650. Ku UK nako, pa fomu yawo ya UCAS, umayenera kufotokoza chimene wasankhira maphunzirowo.

Ndinawerenga mpaka kumapeto. Chingerezi chosalala bwino, koma mwanayo munalibemo. Akuti akufuna kusintha dziko lapansi, akuti sayansi anayamba kuikonda ali wakhanda. Zomwezo akhoza kulemba mwana wa ku Area 47 kapena wa ku Lagos. Nditamufunsa kumene anazitenga, anazyolika n'kunena kuti pa intaneti.

"Nanga za kachewere zija bwanji sunalembe?"

"Aaa amalume, zimenezo n'zolemba? Akandiseka."

Mawu amenewa anandipweteka. Mtsikanayu wakulira pa msika wa Lizulu, kuthamangira mawindo a minibasi beseni lili pamutu. Ali Fomu 2, chiwawu chinapsereza munda wonse wa kachewere wa mayi ake, masamba kuda bii ngati adutsa moto. Enafe tinangoti ndi tsoka. Iye sanagone nazo, chifukwa munda wa aneba, wongodumpha ngalande, unapulumuka. Anafunsa anebawo, anakafunsa alangizi, mpaka anamvetsa kuti matendawa amakonda chinyezi ndi kuzizira kwa kwathu kuno, kuti mbewu yobwerezabwereza imatha kuwasunga, ndiponso kuti kupopera masamba atada kale n'kutaya ndalama. Zonsezi ankazilemba kumapeto kwa kope la Agriculture. Chaka chotsatira, tsiku lopopera ankanena ndi iye. Lero mwana yemweyo akuona ngati alibe cholemba!

Mlanduwu ndi wathu akuluakulu. Mwana akayamba kunena zimene wachita timamudula, ati matama, ati kudzimva. Kusukulu amaloweza zoyankha za MANEB zaka zinayi popanda womufunsa kuti iweyo chimakusowetsa tulo n'chiyani. Ulemu ndimaufuna, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa. Koma kunena zoona za moyo wako si matama.

Ena muti kuno zimenezi sizitikhudza, poti a NCHE, bungwe loona zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, amayang'ana zotsatira za mayeso: makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kenako mpikisano wa mapointi. N'zoona, ndipo njirayo sindikuinyoza, imateteza mwana wa ku CDSS amene alibe womulankhulira. Komatu pa fomu yomweyo mwana amasankha yekha maphunziro, kaya ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni. Ndawaonapo akudzaza moonera mnzawo, ena kulemba udokotala poti dzina lake limamveka bwino pamudzi, chonsecho magazi amawaopa. Kusadzidziwa kumeneku kumadzaonekera chaka chachiwiri, ngongole ya sukulu itayamba kale kuwerengedwa.

Palinso langizo lina limene ndimadana nalo. Amawauza ana kuti ukafuna thandizo lira kwambiri, onjezera umphawi, ngakhale kudzisandutsa wamasiye bambo ako ali moyo. Ayi. Umphawi ulipo, sitiubisa, koma mwana asaphunzitsidwe kuutsatsa ngati tomato wa pamsewu. Owerengawo akufuna aone mmene mutu wako umagwirira ntchito zinthu zikavuta.

Mtsikana uja ndinamuuza azimitse foni, atenge pepala, alembe kaye m'Chichewa ngati akufotokozera agogo ake pakhonde. Anakhala ola lathunthu osalemba kanthu. Kenako cholembera chinayamba kuthamanga, masamba atatu osapuma. Pomasulira m'Chingerezi sindinamulembere ngakhale chiganizo chimodzi, ndinangokonza masipelo. Nkhani yake tsopano ikuyamba ndi fungo la masamba owola m'mawa wa chifunga, mayi ake ataima m'munda manja ali kunkhongo.

Pochoka anandiuza kuti pa fomu ya kuno adzayamba ndi LUANAR, ku Bunda, pomwe kale ankati zamalamulo.

Makolo ndi aphunzitsi a ku Ntcheu ndi Dedza, mwana wanu wa Fomu 4 munakhalapo naye pansi n'kumufunsa chimene amachidziwa kuposa inu?