Sitima yaikulu si ya aliyense

Masiku ano pa Facebook pachuluka zithunzi za Amalawi atavala zoyera, ataima pakhonde la sitima yaikulu ku Durban, kumbuyo kwawo kuli madzi okhaokha. Kuno ku Dedza nkhaniyi yalowa mpaka m'magulu a banki m'khonde ndi m'maofesi a aphunzitsi, mumva anthu akuti tikagawana masheya chaka chamawa ife ndi pa cruise basi, ulendo wokasangalala pa sitima yapamadzi. Sindikutsutsa ayi. Munthu amene walima mbatatesi ku Bembeke mpaka msana kuuma, kapena wakhala akumeza fumbi la choko chaka chonse, ali ndi ufulu wokapuma kumene mtima wake ukufuna. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri tikusankha sitima ndi maso. Taona yaitali, yowala magetsi usiku, ndiye imeneyo. Ine ndikuti funsani kaye tulo tanu, m'mimba mwanu ndi thumba lanu, ndipo ndikuona kuti ambiri a ife akumapiri kuno chisitima chachikulucho sindicho chingatipatse mpumulo umene tikuufuna.

Sitima zina zinapangidwa kuti iyo yeniyo ikhale kumene mukupitako. Yaikulu yotchuka masiku ano, Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami. Ndi yotalika mamita pafupifupi 365, ndipo ikadzaza imatenga alendo okwana 7,600, osawerengera antchito oposa 2,000. M'kati mwake muli madamu osambira, malo odyera ambirimbiri, mashopu ndi malo azisudzo. Zimene zimanyamuka ku Durban, za kampani ya MSC, n'zocheperapo, komabe iliyonse imanyamula anthu oposa 2,000. Ndi msika wa Lizulu utadzaza, kungoti ukuyandama pamadzi ndipo sungatulukemo ukatopa nawo. Chakudya cham'mawa pamzere, chikepe pamzere, mpando wa pafupi ndi damu losambira ukachedwa kudzuka waupeza wina waikapo kale thaulo.

Alipo anthu amene zimenezi ndiye mtima wawo, ndipo sindikuwanyoza. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono, sitima yaikulu ikuthandizani, chifukwa imakhala ndi malo osewerera ana ndi anthu owayang'anira, inu ndi mayi akunyumba mupezeko mpata wokhala awiri. Ngati mumakonda kuvina mpaka tambala woyamba, kudya nthawi iliyonse imene mwafuna, kujambulitsa zovala zatsopano madzulo aliwonse, pitani musachedwe. Agogo a maondo ovuta nawonso zimawayendera bwino, pali zikepe, pali dokotala (ngakhale kuti kumuona n'kolipira padera, ndiye inshuwalansi ya paulendo musaisiye). Koma achimwene amene mukuti mukufuna mukapume phokoso la pa boma, mukawerenge buku, mukagone mokwanira, mudzabwerako mutatopa kuposa mmene munapitira.

Palinso china chimene otsatsa sanena mokweza. Maulendo afupiafupi a ku Durban, a masiku atatu kapena anayi, amapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene, konseko ndi ku Mozambique. Kumalo amenewa kulibe doko loti chisitima chotere chikocheze. Chimaima patali, anthu n'kumatsitsidwa pang'onopang'ono m'maboti ang'onoang'ono kupita kumchenga. Nyanja ikakwiya kapiteni amangolengeza kuti lero palibe wotsika, ndipo zimenezi zinalembedwa kale m'malamulo a tikiti yanu, aja a zilembo zing'onozing'ono amene sitiwerenga. Tsono nyengo ya maulendowa, kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ndi yomweyonso ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ife sitifunika kuuzidwa za Idai wa mu Malichi 2019 kapena Freddy wa mu Malichi 2023. Sitima imazemba namondwe, musaope, koma ikazemba ndiye kuti njira yasintha. Choncho ngati cholinga chanu chonse n'kukaponda mchenga wa ku Pomene, mwina mukulipira chinthu chimene palibe angakulonjezeni. Lipirani pokhapokha ngati sitimayo payokha ikukukwanirani ngakhale musatsike.

Za chipinda ndiye anthu amataya ndalama kwambiri. Zipinda zilipo za m'kati zopanda zenera, za zenera losatseguka, za khonde, ndi zikuluzikulu za mabwana. Aliyense amafuna cha khonde chifukwa cha chithunzi chija. Kwa ulendo wa mausiku atatu ine sindikuona chifukwa, poti m'chipindamo mumangolowa kukasamba ndi kugona. Chofunika kwambiri kuposa khonde ndi pamene chipindacho chili. Kutsogolo kwa sitima ndi kumtunda kwenikweni ndiye kumagwedezeka kwambiri, pakati ndi cham'munsi pamakhala bata. Yang'ananinso chimene chili pamwamba panu ndi pansi panu. Mukagona pansi pa malo ovinira, ng'oma idzakulowani m'pilo mpaka usiku wa manda, ndipo mukagona pansi pa damu losambira adzakudzutsani ndi antchito okoka mipando m'bandakucha. Chipinda chabwino ndi chimene pamwamba pake pali zipinda, pansi pakenso zipinda. Chopanda zenera chili ndi vuto lake limodzi: mukazimitsa getsi ndi mdima wa ndiweyani, simudziwa ngati kwacha kapena ayi. Ena amagona bwino kwambiri momwemo, ena mtima umawathamanga ngati atsekeredwa. Mukudzidziwa nokha. Amene mumachita nseru msanga, zenera likuthandizani, chifukwa kuyang'ana patali pamene madzi akumana ndi thambo kumachepetsa chizungulire.

Tsopano thumba. Mtengo umene mumauona pa chithunzi chotsatsa ndi wa munthu mmodzi pamene mukugona awiri m'chipinda. Mukapita nokha mulipira pafupifupi kawiri. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa padoko, ndalama ya antchito imene amawerengera tsiku lililonse pa mutu uliwonse, zakumwa, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani, ndi maulendo a kumtunda mukatsika. M'sitima simugwira ndalama m'manja. Amakupatsani kakhadi kamene kali kiyi wa chipinda komanso chikwama, mumangogunditsa, ndipo bilu yonse imakupezani usiku womaliza, yowerengedwa m'ndalama zakunja. Munthu amene malipiro ake ndi makwacha, atagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso akudziwa mmene zimavutira kupeza madola kubanki, ayenera kukhala pansi ndi cholembera asanapereke dipoziti. Onjezerani basi yodutsa pachipata chathu cha Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako makilomita ena pafupifupi 570 kukafika ku Durban. Mufike dzulo lake, mugone konko, chifukwa sitima sidikira munthu amene basi yake yachedwa pa Beitbridge. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Amayi oyembekezera dziwaninso kuti makampani ambiri salola kukwera mimba ikafika masabata 24. Ndipo chonde, dipoziti musatumize pafoni kwa munthu amene mwangomuona pa gulu la WhatsApp. Akuuzeni dzina la sitima, tsiku, nambala ya chipinda, ndi zimene zili m'kati mwa mtengowo, zonse zolembedwa.

(Nsima ya mgaiwa ndi chigwada musakayembekeze. Amalume ena amene sagona osadya nsima, akonzekeretu mtima.)

Mtundu wina wa sitima ndi umene umakutengani kukaona malo, iyo n'kungokhala pogona panu poyenda. Za pamtsinje zili choncho. Pa Nile ku Egypt zimayenda pakati pa Luxor ndi Aswan mausiku atatu kapena anayi, kuima pa Edfu ndi Kom Ombo kuti anthu akaone akachisi akale. Palibe mafunde, mtunda ukuoneka mbali zonse ziwiri, alimi ndi ng'ombe zawo mukuwaona muli pampando. Pa mtsinje wa Chobe, m'malire a Botswana ndi Namibia, pali sitima ya Zambezi Queen ya zipinda 14 zokha, njovu zikumwa madzi inu mukumwa tiyi, koma mtengo wake ndi wa anthu olandira madola. Kwa gulu la banki m'khonde, chimene ndikuona kuti chikugwirizana ndi chikhalidwe chathu ndi maboti okhala ngati nyumba a pa nyanja ya Kariba. Gulu limachita hayala boti lonse, limabwera ndi woyendetsa ndi wophika, chakudya mumagula nokha. Pamenepo ufa wanu mukhoza kunyamula, nyimbo n'zanu, ndipo amene mukudya naye ndi amene mumasonkha naye.

Koma mukandifunsa ine, munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene sanagonepo pamadzi ayambe ndi Ilala. Nyanja tili nayo pafupi kuposa mmene timaganizira. Kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, makutu akutsekeka, juzi ikuyamba kulemera, posakhalitsa muli pa njira ya ku Monkey Bay kumene Ilala imanyamukira. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Mwa chizolowezi imanyamuka Lachisanu kulowera kumpoto, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba, kenako n'kubwerera. Imbani foni kaye musanatsike phiri, chifukwa sitima ya zaka zimenezi imakhala ndi nthawi yopita kokakonzedwa, ndipo maola ake amatengera katundu ndi mphepo.

Ndinene poyera, Ilala si sitima yachisangalalo. Ndi sitima yantchito. Pansi pamakhala matumba a chimanga ndi a usipa, malata, simenti, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi anthu ogona pa katundu wawo. Amene akufuna thaulo lopindidwa bwino pabedi asapite. Koma ili ndi zipinda zochepa zogona, ndipo pamwamba penipeni pali bwalo lotseguka lokhala ndi kabala, pamene anthu a tikiti ya kalasi yoyamba amayala matiresi n'kugona panja. Kumeneko ndiye ine ndimakuona kuti ndi tchuthi chenicheni. Chimene chimandigwira mtima ndi poima pamalo opanda doko, monga Ruarwe, kumene mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi ndipo msewu ndi wovuta. Sitima imaliza lipenga, imaponya nangula patali, amalinyero n'kutsitsa maboti awiri aja a m'mbali ndi zingwe. Mayi amayamba wapereka mwana kwa mwamuna wosamudziwa amene ali kale m'botimo, kenako mtolo, kenako beseni, iye n'kutsika pomaliza atakwinya chitenje m'dzanja limodzi. Mabwato amazungulira sitima, anyamata akukweza nthochi ndi nsomba zowamba m'mwamba kuti ogula afikire. Mudzi wonse umakhala uli pagombe, chifukwa tsiku la Ilala ndi tsiku la msika, la makalata ndi la alendo. Cha kumpoto komweko mukhozanso kuona nkhungu zikutuluka m'madzi, inu n'kumayesa utsi wa moto pakati pa nyanja. Zoterezi simungazione muli pa nsanjika ya khumi ndi chisanu ya sitima ya ku Durban, pamene nyanja imangooneka patali pansi.

Nthawi yopitira muisankhe bwino. Mwera umawomba kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi yomwe kuno timakhala tikuwotha moto, ndipo nyanja yathu ikakwiya si yoseweretsa. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika cha kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, Ilala yadutsa miyezi ya mwera kwa zaka zoposa 70. Ndikungoti ulendo woyamba usakhale wa mu Julayi, pokhapokha ngati mukufuna kudziwa msanga mtundu wa m'mimba mwanu. Jekete tengani ngakhale mukupita kotentha, pamwamba paja usiku mphepo imalowa m'mafupa ngati ya pa Dedza pomwe. Ndipo mukangokwera, kaya ndi Ilala kaya ndi ya ku Durban, funsani pamene pali majekete opulumutsira anthu, muone ndi maso anu.

Ulendo wa Ilala mumalipira makwacha, pasipoti siifunika, ndipo mukhoza kuudula pamene mwafuna. Tsikirani pa Likoma, mukaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican, mugone pachilumbapo mpaka sitima idzakutengeni pobwerera. Mukaona kuti mwagona tulo tabwino, nsomba mwadya osabweza, ndipo anthu ambiri pamalo amodzi sakukutopetsani, pamenepo yambani kusunga za Durban ndi mtima umodzi. Mukaona kuti m'mimba mwakana, mutu ukuzungulira, mukungowerenga maola, tsikani pa Nkhata Bay mukwere basi ya kumtunda. Ya ku Durban ikangotuluka padoko palibe poudulira ulendo mpaka tsiku lobwerera, ndipo ndalama zanu sabweza chifukwa choti mwasanza.