Musanagule makina odulira vinyl, funsani kaye za mpeni ndi pulogalamu yake

Anzanga amene mukufuna kuyamba geni yolemba ma T-shirt, masitika ndi zikwangwani, musatengeke ndi dzina la makina odulira vinyl, pulasitiki wopyapyala uja amene timadulamo zilembo n'kumata pa malaya kapena pa chikwangwani. Ambiri akuthamangira Cricut chifukwa ndi amene adzaza pa TikTok. Amadula bwino, sindikukana. Koma pulogalamu yake, Design Space, imafuna akaunti ndipo zambiri zimayendera intaneti. Kwa ife amene timagula bandulo mowerengera, netiweki ikangovuta ntchito yaima, kasitomala ali chiimire pakhomo. Mu Malichi 2021 kampaniyo inalengeza kuti amene salipira pamwezi azingolowetsa zithunzi zawo 20 basi mwezi wonse. Anthu atakwiya inabweza ganizolo, koma ine zinandichotsa chikhulupiriro. Makina ogula ndi ndalama zako, wina n'kumakuikira malire ali kutali?

Ngati ntchito yanu ikhale ya malaya a kwaya, ma T-shirt a chinkhoswe, mayina a pa jezi za mpira, Silhouette Cameo 4 ikukwanirani. Imadula vinyl wa mainchesi 12 m'lifupi, pafupifupi masentimita 30, ndipo Silhouette Studio ndi yaulere, imagwira popanda intaneti. Dziwani chabe kuti mafayilo a SVG (mtundu wa mafayilo a zithunzi zodula) amafuna Silhouette Studio ya Designer Edition, yomwe ndi yolipira, komanso mipeni ya Cameo ndi yakeyake, muziitanitsa kunja.

Koma kwa munthu amene akufuna ndalama ya tsiku ndi tsiku, ine ndimaloza makina aakulu aja ochokera ku China, a mamilimita 720, oima pa miyendo. Ndi aphokoso, ndipo zilembo zing'onozing'ono sazitulutsa bwino ngati makina a makampani a Roland kapena Graphtec. Komabe amadula kuchokera pa mpukutu, ndiye chikwangwani cha golosale, cha saluni, kapena mawu a kumbuyo kwa minibasi mumachita nthawi imodzi osalumikiza zidutswa. Chachikulu ndi mipeni. Ambiri amalandira mipeni ya mtundu wa Roland, yotchipa, yogulitsidwa m'mapaketi. Wa nsonga ya madigiri 45 ndi wa vinyl wamba, wa 60 ndi wa vinyl wokhuthala monga glitter (wonyezimira) ndi reflective (wowala akaunikidwa). Mpeni ndi umene umatha msanga pa makina alionse, ndipo ukabuntha vinyl amang'ambika, zilembo zimanyamuka pochotsa zotsalira. Makina amene mpeni wake supezeka amangokhala pakona, ngakhale atakhala atsopano.

Mukamagula, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, musapereke ndalama musanaone akudula. Pitani ndi laputopu yanu. Alumikizeni pa USB muone ngati Windows yanu ikuwazindikira, ndipo wogulitsa akupatseni nambala ya layisensi ya pulogalamu, kaya ndi SignMaster kapena ina. Dulani kabwalo: pamene mpeni wayambira ndi pamene wathera pakumane. Dulaninso mzere wotalika mita imodzi muone ngati vinyl sakukhotera mbali imodzi, chifukwa akakhota mwina timawilo tomupanikiza tatha.

China chimene oyamba kumene amaiwala: makina odulira okha sapanga T-shirt. Pamafunika heat press, makina otenthetsa ndi kupanikiza vinyl pa malaya, ndipo ndalama yake muipatule musanagule chilichonse. Ayironi ya m'nyumba sipanikiza mofanana, zilembo zimayamba kumatuka malaya akangochapidwa, ndipo kasitomala wotero sabweranso. Vinyl wamba wa pa malaya amafuna madigiri a Celsius pafupifupi 150 kwa masekondi 10 mpaka 15, ndipo chithunzi muzichitembenuza musanadule, apo ayi mawu atuluka chambuyo. Ngati wachibale akukutumizirani heat press kuchokera ku America, mufunseni aone kaye mphamvu ya magetsi ake (ma volt): kumeneko magetsi ndi a 120, kuno ndi a 230. Ya ku Joni kapena ku Britain ilibe vuto limenelo.